Kolosi ya Lole ya Mzime

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, mayi a ana anga, ana, ndi mlamu. Kuno tili bwino tonse awiri, kupatula chimfine chimene chinandigwira titangofika. Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pafoni paja tinangokhalira kukuwizana, inu kufunsa kuti ndati chiyani, ine kubwereza, mpaka foni kuduka. Makutu anu anatha ndi mainjini, koma maso alipo. Makalata azibwera ndi dalaivala wa basi wamtali uja, ndipo mayankho muzipatsira yemweyo.

Nkhani yabwino ndi yakuti tonse tapeza ntchito pamalo amodzi, pa kampani ya malole onyamula miyala ndi mchenga. Malole alipo khumi ndi awiri. Mzime wanu, mng'ono wangayu, wapatsidwa lole nambala seveni. Ine ndili m'galaja.

Amayi akafunsa kuti ndikugwira ntchito yanji, muwauze motere. Pansi pa lole pali chitsulo chachitali chozungulira, chimene chimatenga mphamvu ya injini kupita nayo ku matayala akumbuyo. Ndiyo shafuti. Kumapeto kwake kuli mphanda, ndipo m'mphandamo mumakhala kachitsulo konga mtanda, kovala timakapu tinayi. Ndiyo kolosi. Mwana wawo amasintha timitanda timeneti.

Tsiku loyamba anandiyesa. Kapitawo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anandiponyera shafuti pansi n'kunena kuti ndisinthe kolosi iye akuona. Ndinayamba ndalemba choko mbali zonse kuti chilichonse chibwerere mmene chinalili. Kenako ndinayeza kapu yakale ndi yatsopano, ndinayezanso kutalika kwa kolosi yonse. Amakaniko anzanga ankangoseka kuti mlendoyu ndi telala kapena makaniko. Nditalowetsa makapu ndi pulesi, makina okanikizira aja, kilipi yomaliza yotsekera kapu inakana kukhala mumzere wake. Wina anati, “Menya ndi hamala, ilowa.” Ine ndinatulutsanso kapuyo, ndipo ndinapeza kamodzi mwa tisingano ta m'kati mwake katagona pansi, monga munkandiuzira muja. Ndinakadzutsa, kukamata ndi girisi, kilipi n'kulowa yokha kuti tswa. Ndinagogoda mphanda pang'ono, kolosi n'kumayenda mofewa, yosathina komanso yosagwedera.

Kapitawo anafunsa kuti, “Anakuphunzitsa ndani?”

Ndinati, “Bambo anga.”

Anati, “Ukawalembera uwapatse moni.” Ndiye moniwo ndi umenewu. Kuchokera tsiku limenelo mashafuti onse akubwera kwa ine.

Tikukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya matayala. Zenera lake limayang'ana khoma la eni. Tili ndi matilesi awiri, mbaula, ndi msomali wopachikapo maovolosi. Mzime akulizabe mkonono ngati lole yobooka paipi. Ndikamudandaulira akuti ndi umboni woti injini ndi yamoyo.

Akuti mumuuze mkazi wake, mlamu wanga, asamasenze madzi pamene ali ndi pakatipa, ana anga azimutungira. Lata la pamwamba pa chipinda cha ana likhomedwe mphepo isanayambe. Vayisi yanu yopanira zitsulo ija musabwerekenso aliyense, anthu sabweza.

Ndine mwana wanu wachisamba.

20 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti chifuwa cha amayi chaphwa. Ife tili bwino. Ndatumiza bulangete la amayi ndi magalasi anu owerengera. Mukaona kuti zilembo zikuvina mundiuze, wogulitsayo anati tikhoza kusintha.

Mwafunsa za kapitawo uja. Anapuma ntchito kumapeto kwa mwezi watha, miyendo inkamutupa. M'malo mwake abweretsa munthu wa muofesi amene tamutcha Changu, chifukwa mawu ake ndi amodzi okha: changu, changu. Si munthu woipa mtima kwenikweni, koma chitsulo sachidziwa, amadziwa wotchi. Lole ikaima tsiku limodzi, iyenso akuluakulu amamukalipira, ndiye moto umenewo umatsikira kwa ife.

Wasintha kogula zipangizo. Makolosi akubwera m'timabokosi toyera topanda nambala. Kuwaona ndi maso ndi omwewo. Koma nditayeza, makapu ake ndi ochepa pang'ono, kuchepa kwake kosafika ngakhale pepala ndikulembapoli. Inu mukudziwa kuti pa kolosi pang'ono pameneponso ndi pambiri. Kapu yoyenera imalowa m'khutu la mphanda mokakamiza, pulesi ikubuula. Iyi ndinangoikankha ndi chala chachikulu, n'kulowa.

Ndinapita nayo kwa Changu. Anaitembenuza n'kunena kuti, “Yalowa kapena sinalowe?”

Ndinati, “Yalowa, bwana, koma yalowa msanga.”

Anaseka. Anati sanaonepo munthu wodandaula kuti ntchito yaphweka. Ndinamufotokozera kuti kapu yotere imazungulira m'malo mwake, imadya khutu, tsiku lina n'kukankha kilipi. Anati ndikhome m'kati mwa khutumo ndi panchi, kachitsulo kosongoka kaja, kuti mukhale timano togwira kapu. Ndinakana. Sanalimbane nane, anangopereka ntchitoyo kwa makaniko wina, ndipo ine ndinatha masiku atatu ndikutsuka pansi pa dzenje lokonzera malole. Pondidutsa anandikumbutsa kuti mapepala anga a ntchito ali m'kabati ya kampani. Ndinapitiriza kutsuka. Kwa eni kulibe mkuwe.

Zimenezi musawauze amayi, si nkhani.

Mzime ndiye akukondedwa. Madalaivala kuno amalipidwa potengera maulendo, ndipo iye amadzuka ena asanadzuke. Akufuna adzabwere kumeneko mu Julayi, mlamu akamadzachira, atanyamula zonse za mwana. Wagula kale kabafa kapulasitiki kobiriwira. Kali pansi pa zenera, ndipo pakali pano tikusungiramo anyezi.

Lole yake yayamba kulira kuti gu akamalowetsa giya, ndipo akuti mpando ukunjenjemera akathamanga. Ndamuuza aibweretse ndiione.

Ana aziwerenga. Wamkuluyo ndamva kuti wayamba kuyankha amayi ake, mumuuze kuti ndamva.

Ndine mwana wanu.

11 Meyi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife tilipo. Kwayamba kuzizira, m'mawa zala zimakanika kugwira sipanala.

Lero sindilemba zambiri, basi inyamuka posachedwa. Ndili ndi funso la ntchito, ndikufunsira mnzanga wina wa galaja ina. Anapatsidwa kolosi ya makapu olowa ndi chala, onga ndinakuuzani aja. Yoyenera panalibe, ndipo akanaitanitsa ikanatenga masabata awiri. Mwini galimoto anamuchonderera kwambiri. Ndiye anakhoma m'khutu ndi panchi malo asanu ndi atatu, kapu n'kugwira ndithu, moti anailowetsa ndi pulesi. Makilipi onse anakhala bwino. Poigwedeza ndi dzanja sinagwedere ngakhale pang'ono. Ndi kolosi yakutsogolo, ya kufupi ndi giyabokosi, ndipo galimotoyo imanyamula katundu wolemera.

Inu pa zaka zanu zonse zija, munaonapo yotere ikukhala nthawi yaitali bwanji? Ingafike mwezi umodzi? Mnzangayo akuti yoyenera ikangofika adzasintha. Akuilowera pansi m'mawa uliwonse kuiona, ndipo mpaka lero ili bwino.

Mundiyankhe ndi basi yomweyi ikamabwerera, chonde.

Mzime akupereka moni. Lole yake inasiya kunjenjemera, ali wokondwa. Wanenepa, mukamuona simungamuzindikire. Ine ndiye chakudya sichikulowa bwino masiku ano, kaya ndi kuziziraku.

Mwana wanu.

2 Juni

Bambo,

Moni. Ndikhulupirira kumeneko kuli bwino. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Mzime anachita ngozi Loweruka, pa 24 Meyi. Ali moyo, akulankhula, akudya. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi. Lole inagubuduzika pamtsetse wotsika kuchokera kokumba miyala, itadzaza. Anali yekha, ndipo palibe wina anavulala. Anthu a m'galimoto yobwera m'mbuyo ndiwo anamutulutsa.

Ali m'chipatala chachikulu, chipinda cha pamwamba, bedi la kuzenera. Wathyoka nthiti ziwiri ndipo wasokedwa pamphumi. Msana ndiwo madokotala akuuyang'anabe. Anamuchita opaleshoni Lachiwiri. Akuti tidikire kutupa kuphwe, ndiye adzanena bwino. Ndimapita kukamuona ndikaweruka, ndimamumeta ndi kumupukuta. Anamwino andizolowera.

Mlamu musamuuze zonse, masiku ake ayandikira. Mungonena kuti lole inagwa, mwamuna wake wavulala pang'ono ndipo foni yake inasweka. Foniyo inaswekadi. Amayi muwauze mmene mungaonere inuyo.

Kalata yanu inandipeza Lolemba, pa 26. Basi inachedwa panjira masiku anayi. Ndinawerenga.

Mutipempherere.

Mwana wanu.

29 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete pafupifupi mwezi, inu mutalemba kawiri. Ndinayamba makalata atatu n'kuwang'amba.

Madokotala ananena. Msana unathyoka pamwamba pa chiuno, ndipo miyendo sidzayendanso. Ndinalipo pamene ankamubaya ndi kasingano kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, akumufunsa ngati akumva. Iye ankangoyang'ana kudenga n'kumati, “Ayi. Ayi. Ayi.” Atafika pamchombo anati, “Eya, pamenepo ndiye mwandipeza.” Anaseka yekha. Dokotala sanaseke.

Tsopano ndinene zimene mukuzidziwa kale. Munalemba kuti, “Kapu yolowa ndi chala imatulukanso yokha. Umuuze mnzakoyo aimitse galimotoyo lero lomwe, ndipo ngati ndi ya m'bale wake, abise makiyi.” Munadziwa. Kulibe mnzanga wa galaja ina, Bambo. Kolosi ija ndinaika ndine, pa lole ya Mzime.

Linali Lachisanu. Nditamasula shafuti ndinapeza kolosi yakutsogolo itatheratu, tisingano titasanduka fumbi. M'sitolo ya kampani munali za timabokosi toyera zokha. Ndinauza Changu kuti lole iime mpaka yoyenera ibwere. Anati chabwino, iime masabata awiri, koma dalaivala wake aimenso, ndipo akadzabwerera mwina adzapeza lole ili ndi mwini wina. Ananena Mzime ali pomwepo.

Changu atachoka, Mzime anatsikira m'dzenje momwe ndinali. Anati, “Achimwene, malole atatu akuyenda ndi makolosi omwewa, agwa?”

Ndinati, “Sanagwe lero.”

Anati, “Mwezi umodzi wokha. Ndikangokwanitsa za ulendo, mudzaichotse. Ndikafike kwa mkazi wanga manja ali m'thumba? Inu manja anu ndi ena, mukaika inu igwira.”

Sindikunena izi kuti ndimukankhire mlandu. Iye ndi dalaivala, sadziwa za makapu. Wodziwa ndinali ine. Ndinamukana kawiri, kachitatu ndinatenga panchi. Ndinaikhoma bwino kuposa mmene wina aliyense akanakhomera, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinadzinamiza. M'mawa uliwonse ndinkailowera pansi. Loweruka lija ananyamuka ine ndisanafike.

Lole ataikokera pabwalo la kampani ndinapita kukaiona. Kapu inatuluka, shafuti inagwa chakutsogolo n'kuzika mumsewu, lole n'kunyamuka kumbuyo. Khutu la mphanda linang'ambika. Ndinalitola. M'kati mwake mukuoneka timabowo ta panchi yanga, tonse tisanu ndi titatu. Lili m'bokosi langa la zipangizo, ndalikulunga m'sanza.

Nkhani ina ndi iyi. Changu wandipatsa pepala loti ndisaine. Likunena kuti shafuti inali bwino, ndipo dalaivala ankathamanga mopitirira muyeso. Ndikasaina, ntchito yanga ikhalapo, koma Mzime achotsedwa wopanda chipukuta misozi, chifukwa wolakwa akhala iye. Ndikakana n'kunena zoona, kampani iyenera kumusamalira, koma ine ndiye ndapita, mwinanso kupolisi.

Ndinamuuza Mzime. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, “Sainani. Ine zanga zatha kale. Mukachotsedwa inu, nyumba ziwiri zidya chiyani? Makampani awa salipira, mungotaya ntchito pachabe.” Ndinati dzina lake lidetsedwa pa chinthu chimene sanachite. Anati, “Dzina ndiyendetsa nalo chiyani?”

Wa inshulansi abwera Lachinayi. Yankho lanu silingandipeze, monga lija. Munkati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinkayesa mumanena zolipirira ana sukulu.

Mwana wanu wachisamba.

27 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, amayi, ndi onse. Uthenga wa mwana tinaulandira kudzera pafoni ya mayi a ana anga, ndi chithunzi chomwe. Tithokoze Mulungu kuti mlamu anachira bwino. Kamtsikanako kali ndi mphumi ya bambo ake.

Sindinasaine.

Wa inshulansi anali mayi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Tinakhala muofesi ya Changu, iye, Changu, mkulu wina wa kampani, ndi ine nditaima. Atandifunsa za pepala lija, ndinamasula sanza n'kuika khutu lija patebulo. Ndinali nditatenganso mphanda ina yabwino ndi kabokosi koyera kamodzi. Ndinatulutsa kapu, kuiika pakhutu la mphanda yabwinoyo, kuikankha ndi chala. Inadutsa n'kugwera patebulo, n'kugubuduzika mpaka pansi. Palibe anaitola.

Changu anati iye sanauzidwepo kanthu. Sindinakangane naye. Ndinangopempha mayiyo kuti akaone malole nambala thuu, faifi ndi naini asanatuluke pageti.

Mayiyo analoza timabowo tija n'kufunsa kuti, “Izi anakhoma ndani?”

Ndinati, “Ine.”

“Munkadziwa kuti kapuyo ndi yochepa?”

“Ndinkadziwa.”

“Nanga dalaivalayo ndi ndani wanu?”

Anayankha ndi Changu, kuti ndi mng'ono wanga. Mayiyo anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

Malole atatu aja anawaimitsa tsiku lomwelo. Pa nambala faifi anapeza kilipi imodzi itachoka kale, kapu itatuluka theka. Dalaivala wake ali ndi ana anayi. Anabwera kuchipinda kwathu ndi thumba la malalanje, anakhala pamatilesi a Mzime, kenako anapita.

Ine anandichotsa dzuwa lisanalowe. Bokosi langa analiika kunja kwa geti. Kupolisi sanandipereke, ndikuganiza kuti akuluakulu sanafune kuti timabokosi toyera tikaonekere kubwalo la milandu. Changu akadali pantchito. Koma zalembedwa kuti dalaivala sanalakwe, ndipo kampani ipereka chipukuta misozi, njinga ya olumala, ndi ulendo wobwerera kumudzi. Mayi uja anandiuza yekha kuti ziyenda, ngakhale zichedwe.

Nditamuuza Mzime, anapempha namwino kuti amutembenuzire kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo sakundilankhula. Ndimapitabe tsiku lililonse. Ndikamumeta amatseka maso, ndikamupatsa chakudya amadya. Ndi anamwino amacheza, ndimamumva akuseka ndili pakhonde, ndikalowa amasiya. Sindikudziwa ngati wakwiyira pepala lija kapena kolosi, kapena zonse zangomufikira pamodzi tsopano. Chithunzi cha mwana anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataigwira ndi manja awiri, misozi ikulowa m'makutu poti anali chagada. Pobweza foniyo anaiika pabulangete, osati m'dzanja langa.

Ndayenda magalaja asanu ndi limodzi. Mbiri inafika kale. Ena akuti ndine makaniko amene anapundula m'bale wake, ena akuti ndine amene ndinaulula mabwana. Onse awiri safunika. Pakali pano mwini sitolo ya matayala akundipatsa ganyu yomata machubu. Mwezi uno katundu sinditumiza, mayi a ana anga ndawafotokozera.

Basi yabwera kawiri yopanda kalata yanu. Dalaivala akuti anakuonani pa depoti, munangomupatsa moni. Sindikudandaula. Munandipatsa mwana wanu ali ndi miyendo, munati ndimuyang'anire.

Mwana wanu.

7 Sepitembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kapepala kanu ndinalandira. Mwafunsa m'lifupi mwa njinga kuti mukulitse chitseko. Ndi masentimita 66, koma musiye malo a zala zake mbali zonse, chifukwa amayendetsa yekha. Pakhomo pakhale potsetsereka m'malo mwa sitepe, ndipo kuchimbudzi mukhome chitsulo chogwirira kudzanja lamanja. Munalemba mzere umodzi wokha, koma ndinauwerenga kangapo.

Mzime anatuluka m'chipatala masabata awiri apitawo, ndakhala naye kuchipinda kuno. Anyamuka mawa ndi basi yomwe yanyamula kalatayi. Kampani yamulipirira mipando iwiri kuti azigona. Dalaivala wamtali uja walonjeza kuti iye ndi kondakitala azimutembenuza poima paliponse. Mapepala a chipukuta misozi ali m'thumba la m'kati mwa chikwama chakuda. Musapatse munthu wina aliyense, ndipo mlamu asaine yekha pamene ndaika chizindikiro.

Zomusamalira ndi izi, muwerengere mlamu ndi amayi. Asagone mbali imodzi kupitirira maola awiri, apo ayi atuluka zilonda, ndipo iye sazimva. Tsiku lililonse wina amuyang'ane kumsana, m'chiuno ndi kuzidendene. Pakafiira, asagonerepo mpaka pabwerere. Madzi osamba muziyamba mwayesa ndi chigongono chanu, ndipo asayandikire moto, angapse osadziwa. Azimwa madzi ambiri ngakhale akane, amakana chifukwa cha manyazi a machubu okodzera. Za machubuzo amadziwa yekha, anamuphunzitsa, musamuthandize pokhapokha atapempha. Pomunyamula, wina agwire m'khwapa kuchokera kumbuyo, wina pansi pa mawondo, ndipo muziyamba mwamuuza. Amadana ndi kunyamulidwa modzidzimutsa ngati thumba. Masiku ena sadzafuna kuona munthu. Mudzamusiye, koma mwana mudzamuikebe pachifuwa pake.

Ine nditsala. Ndikabwera, tonse tidzangoyang'anana. Kuli galaja ina kutsidya kwa njanji imene mwini wake wati ndikayambe Lolemba, ntchito yotsuka zitsulo. Ndinamuuza zonse ndisanapemphe, kuti asadzamve kwa ena. Anati ayamba waona manja anga. Ndikakhazikika ndiyambanso kutumiza, nyumba zonse ziwiri. Ana anga muwauze kuti bambo awo aang'ono akubwera, asakawathawe, ndipo asakasewere ndi njinga.

Lero m'mawa ndimalongedza katundu wake, iye ali panjinga pafupi ndi chitseko. Ndimamuonetsa chinthu chilichonse, iye n'kugwedeza mutu kuti chilowe kapena chitsale, poti mpaka lero anali asanandilankhule. Malaya, laisensi yake, zovala za mwana. Kenako ndinakoka nsapato zake zantchito pansi pa matilesi, zachikopa zija anagula titangofika, zosatha n'komwe. Ndinazipukuta, ndimati ndiziike m'chikwama.

Anati, “Achimwene.”

Ndinaima, nsapato zili m'manja.

Anati, “Izo zitsale. Zanuzo zang'ambika, zala zikuoneka. Mukapita nazo ku ntchito yatsopano adzati kwathu kulibe anthu.”

Ndinati sindingavale. Anati, “Nanga avale ndani? Valani ndione.”

Ndinakhala pansi n'kuvala iye akuyang'ana. Zingwe zinkandipulumuka. Ndinayamba kunena kuti andikhululukire, koma anandidula. Anati, “Zimenezo tidzakamba, osati lero. Lero sindingathe. Mangani zingwe bwino, mungagwe.” Kenako anapempha tiyi, ndipo tinamwa.

Basi ifika kumeneko Lachitatu chakumasana, ikapanda kuchedwa. Mupite ndi amuna awiri amphamvu, ndi pilo. Amayi muwakonzekeretse, waonda kwambiri. Inu musamunyamule, Bambo, ngakhale mtima ufune. Mungomugwira dzanja, ameneyo ndi amene wakhala akufunsa anamwino kuti kodi bambo ake adzamuyang'ana bwanji.

Ndine mwana wanu wachisamba.